Kodi nyimbo zikafanana ndiye kuti wina waba?

Kiyibodi wa Ndirande: Akuluakulu, moni nonse. Ndili ndi funso, koma mundiyankhe ndi makutu anu, osati ndi Google. Mverani Got to Give It Up ya Marvin Gaye ya 1977, mukatero muike Blurred Lines ya Robin Thicke ndi Pharrell Williams ya 2013. Mundiuze chimene chinabedwa. Mawu ndi osiyana, chuni cha woimba n'chosiyana, ngakhale besi ikuyenda njira yake. Chofanana ndi kabelu kolira kumbuyo kaja, phokoso la anthu okhala ngati ali paphwando, ndi mwamuna kuimba ndi timawu tam'mwamba. Komatu khoti la ku Los Angeles mu 2015 linati alipire madola 7.4 miliyoni. Ngati kumeneko n'kuba, ife tonse opanga mabiti bwenzi tili ku Chichiri.

DJ Kanyenya: Kkkkk iweyo ukanakhala nyapala kalekale. Koma zoona ase, ine paukwati ndimazilumikiza ziwirizo, anthu osazindikira n'komwe kuti nyimbo yasintha. Usanene kuti sizifanana.

Kiyibodi wa Ndirande: Kulumikizika si umboni. Amapiano onse amalumikizika, log drum yake ndi imodzimodzi. Ndiye onse aja akasumirane?

Nabanda: Achimwene a Kiyibodi, simuli nokha. Oimba oposa 200 anasaina chikalata chopita kukhoti la apilo kudandaula ndi chigamulo chimenecho. Ndalama zija woweruza anazitsitsa kufika pa madola 5.3 miliyoni, koma anaonjeza kuti banja la Gaye lizilandira theka la zimene nyimboyo izipanga m'tsogolo. Apilo inakanika mu 2018, oweruza awiri mbali iyi, mmodzi mbali inayo. Wotsutsayo, mayi Jacqueline Nguyen, analemba kuti anzakewo alola banja la Gaye kukhala eni ake a kaimbidwe, chinthu chimene sichinachitikepo.

Koma chimene chinam'gwetsa Thicke ndi pakamwa pake. Nyimbo itangotuluka ankauza atolankhani kuti ndi iyeyo anauza Pharrell kuti apange chinachake chonga Got to Give It Up. Atafika pamaso pa maloya anatembenuka, n'kumati masiku amenewo ankakhala ataledzera ndiponso atamwa mapiritsi, ndipo nyimbo pafupifupi yonse analemba ndi Pharrell. Tsono ku America milandu yotere imagamulidwa ndi jury, anthu wamba osankhidwa mumzinda, osati akatswiri a nyimbo. Munthu wamba akakugwira bodza limodzi, zotsalazo sakumveranso. Musaiwalenso kuti anayamba kuthamangira kukhoti ndi iwowo, kufuna kuti khoti linene kuti sanabe. Banja la Gaye linachita kubwezera.

Kiyibodi wa Ndirande: Ndiye analuza chifukwa cha bodza, osati chifukwa cha nyimbo. Mwandivomereza achemwali.

Nabanda: Ndakuvomerezani pa mlandu umodziwu basi. Musathamange.

Madala a Gumbagumba: Ana inu mukuona ngati zayamba ndi Pharrell. Ife tinkamva My Sweet Lord ya George Harrison pawailesi kuyambira 1970. Inali nyimbo yaikulu, munthu wa Beatles atangoyamba kuimba payekha. Eni ake a He's So Fine, imene anaimba atsikana a The Chiffons mu 1963, anam'tengera kukhoti ku New York. Mu 1976 woweruza anati akukhulupirira kuti Harrison sanakhale pansi n'kukonza zakuba, koma chunicho chinali kale m'mutu mwake, iye n'kumaona ngati wachipeka yekha. Anam'peza wolakwa chimodzimodzi. Mverani ziwirizo, apo ndiye palibe chokanira, manotsi ake akuponda pamodzimodzi. Mlandu wa ndalama unakoka zaka zambirimbiri, mapeto ake Harrison analipira madola 587,000 n'kukhala mwini wa nyimbo imene ankati anabayo.

Mayi a Tadala: Zimenezo za kuba osadziwa ine ndikuzikhulupirira, bambo. Kukwaya kwathu mtsikana wina anabwera ndi nyimbo akuti wailota usiku. Tinaiphunzira bwinobwino, alto ndi tenor tinaika. Tsiku loimba m'tchalitchi, agogo ena kumbuyo anayamba kutsatira ndi mawu ena, a m'buku la nyimbo. Mtsikanayo analira, ndipo sindikhulupirira kuti ankanama. Anakulira m'tchalitchi, chuni chinakhazikika chokha. Ndiye munthu wotere mum'lipitse?

Nabanda: Lamulo silifunsa za mumtima, mayi. Limafunsa zinthu ziwiri: kodi unali ndi mpata womva nyimbo ya mnzakoyo? Nanga zimene zikufananazo ndi zazikulu, ndiponso ndi zimene mnzakoyo anapeka yekha? Zikakwana ziwirizi, zoti unalota sizikupulumutsa.

Wa ku Joni: Ndakhala ndikungowerenga, koma mtima wakana. Mukumvera chisoni anthu amene ngakhale atalipira mamiliyoni amakagona m'nyumba zosanja. Tiyeni tikambe za Solomon Linda. Mzulu ameneyu anajambula Mbube kuno ku Johannesburg mu 1939 ndi gulu lake la Evening Birds, mu situdiyo ya kampani ya Gallo. Anam'patsa mashereni 10, nkhani n'kuthera pomwepo. Mbale inagulidwa kwambiri moti mtundu wonse wa kaimbidwe ka amuna opanda zing'wenyeng'wenye unayamba kutchedwa dzina la nyimbo yakeyo. Mwini wake ankagwira ntchito yolongedza mbale pakampani yomweyo.

Mbale ija inakafika ku America. Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaiimba n'kuitcha Wimoweh. Mu 1961 anyamata a The Tokens anaitulutsa ndi mawu achingerezi ngati The Lion Sleeps Tonight, inakhala nambala wani. Chuni chimene dziko lonse limaimba lija ndi chimene Linda anangotulutsa pakamwa chakumapeto kwa kujambula. Papepala panalembedwa maina a anthu ena. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi, banja linalephera ngakhale kugula mwala wapamanda mpaka patapita zaka 18. Kenako mu 1994 nyimbo ija inalowa mu filimu ya The Lion King ya Disney, ana ake aakazi ali ku Soweto kuvutika.

Chinasintha zinthu ndi nkhani yaitali imene mtolankhani Rian Malan analemba m'magazini ya Rolling Stone mu 2000. Manyazi atagwira anthu, loya wina wa kuno, Owen Dean, anafukula lamulo lakale la Angerezi la 1911, lonena kuti pakapita zaka 25 wopeka atamwalira, umwini umabwerera kubanja lake ngakhale anagulitsa. Anasumira Disney mu 2004, ndipo kuti mlandu uzengedwe kuno anagwira zizindikiro zamalonda za kampaniyo za ku South Africa, Mickey Mouse yemwe. Mu 2006 kampani ya Abilene Music, imene inkapereka chilolezo cha nyimboyo, inagwirizana ndi banjalo kunja kwa khoti. Ndalama zake sanaulule. Kuchoka 1939 kufika 2006, werengani nokha. Ndiye wina akandiuza kuti milandu ya nyimbo yanyanya, ine ndimati yanyanyira ndani?

DJ Kanyenya: Eeeh, Mickey Mouse kugwidwa chikole kkkk. Loya ameneyo ndi dolo.

Madala a Gumbagumba: Wanena zoona mphwanga wa ku Joni. Nthawi imeneyo woimba wakuda akalowa mu situdiyo ankapatsidwa ya tsiku lomwelo, ngati waganyu. Za royalty, ndalama zimene mwini nyimbo amalandira ikamagulidwa kapena kuimbidwa, sankauzidwa n'komwe.

Kiyibodi wa Ndirande: Akulu a ku Joni, nkhani ya Linda ndi yowawa ndipo palibe akutsutsa. Koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Kwa Linda anatenga chuni chenicheni, chonse, n'kufufuta dzina. Kwa Gaye sanatenge chuni, anatenga fungo chabe. Mukalola kuti fungo likhale ndi mwini, amene apindule si a Linda a lero ayi. Apindula ndi makampani amene anagula nyimbo zakale zambirimbiri ndipo ali ndi maloya okhala pa malipiro. Mwana wa ku Mbayani amene wapanga biti yonunkhira ngati ya Burna Boy ndiye adzalandira kalata.

Wa ku Joni: Mwana wa ku Mbayani palibe angam'sumire chifukwa alibe chomulanda. Milandu imeneyi imatsata ndalama. Nyimbo ikapanda kugunda, ngakhale utakopera yonse palibe akulabadira.

Nabanda: Apa nonse mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siitha. Ndionjezepo za Manu Dibango wa ku Cameroon. Soul Makossa anaitulutsa mu 1972. Patapita zaka khumi, kolasi yake ija inamveka kumapeto kwa Wanna Be Startin' Somethin' ya Michael Jackson, nyimbo yotsegulira chimbale cha Thriller, popanda kupempha. Dibango anadandaula, anagwirizana kunja kwa khoti, analipidwa. Mu 2007 Rihanna anatenganso kachigawo komweko mu Don't Stop the Music, atapempha kwa Jackson, osati kwa Dibango. Mkuluyo anakasuma ku Paris mu 2009 koma sizinamuyendere. Onani kusiyana kwake ndi Linda: Dibango anali ndi dzina, ankakhala ku France, ankadziwa khomo logogoda.

DJ Kanyenya: Nanga Waka Waka ya Shakira ya World Cup ya 2010? Ija ndi Zangalewa yeniyeni, tinkaimba tili ana pothamanga kusukulu.

Nabanda: Eya, ya gulu la Golden Sounds la ku Cameroon, ya 1986. Anthu atachita phokoso pa intaneti, anagwirizana ndipo gululo linalandira zake. Koma pali kanthu: a Golden Sounds anali asilikali, ndipo nyimboyo inachokera ku nyimbo zimene asilikali ankaimba kale poguba. Ndiye mwini weniweni ndani? Amene anayamba kuijambula, kapena asilikali osadziwika aja?

Mayi a Tadala: Apo mwafika pakhomo pathu. Ife timakonda kuloza azungu, koma kuno kwathu bwanji? Nyimbo za chinamwali, za pamtondo, za manganje, anyamata akungozitola kumudzi, kuika biti, mawa pa YouTube palembedwa kuti wapeka ndi iyeyo. Amayi amene anamuimbira pafoni sanalandire ngakhale ya sopo. Pamisonkhano ya ndale ndiye musanene, nyimbo ya kwaya amangochotsa dzina la Yesu n'kuikapo la mtsogoleri.

Madala a Gumbagumba: Kkkk mayi mwalasa. Komanso tisaiwale kuti kubwereka ndi kumene kunamanga nyimbo zathu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela, kaimbidwe kochokera ku Joni, ma chord ake atatu omwewo ozungulirazungulira. Palibe ananena kuti aba, chifukwa anaikamo zala zawo ndi Chichewa chawo. Rumba ya ku Congo inatengera mbale za ku Cuba. Reggae ya kuno ndi ya ku Jamaica. Mukatseka mpopi umenewo nyimbo zifa.

Nabanda: Pa za kumudzizo, mayi, lamulo lathu silinagone. Lamulo la copyright, la umwini wa zopeka, la 2016, ngati lakale la 1989, limati nyimbo ndi magule a makolo opanda mwini wodziwika umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupangira malonda amayenera kutenga chilolezo. Oyendetsa zimenezi ndi a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zopeka zina m'Malawi muno. Kaya ndi angati amapita kukapempha, imeneyo ndi nkhani ina.

Wa ku Leeds: Ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Kuno nkhani imene inavuta ndi ya Ed Sheeran, ndipo ikuonetsa kuti mphepo inatembenuka chichokereni Blurred Lines. Mu 2022 anawina ku High Court ya ku London pa Shape of You, woimba wina dzina lake Sami Chokri atanena kuti kachigawo kena kanachokera mu nyimbo yake ya Oh Why. Kuno kulibe jury pa milandu yotere, anagamula ndi woweruza mmodzi, ndipo anati Sheeran sanakopere mwadala kapena mosadziwa. Atatuluka anadandaula kuti manotsi alipo 12 okha pomwe pa Spotify pamalowa nyimbo 60,000 tsiku lililonse, ndiye kufanana sikungalephere.

Mu 2023 anakaonekeranso ku New York. Banja la Ed Townsend, amene analemba Let's Get It On limodzi ndi Marvin Gaye mu 1973, linkati Thinking Out Loud inatenga ma chord anayi ndi kayendedwe kake. Umboni wawo waukulu unali vidiyo ya Sheeran ali pa siteji akulumikiza nyimbo ziwirizo. Iye anabwera ndi gitala m'khoti, n'kumaonetsa kuti pa ma chord omwewo mutha kuimbapo nyimbo zambirimbiri, zina zakale kuposa ya Gaye. Ananenanso kuti akaluza asiya kuimba. Jury inam'masula. Maliro a agogo ake ku Ireland sanapite chifukwa cha mlanduwo.

DJ Kanyenya: Mwaona? Vidiyo yolumikiza nyimbo inakhala umboni m'khoti. Ase Kiyibodi, ine ndi mboni yodalirika.

Kiyibodi wa Ndirande: Umboni wake unagwa, werenga bwino kkkk.

Wa ku Joni: Koma Sheeran wanuyo musamuyeretse kwambiri. Pa Photograph anagwirizana kunja kwa khoti mu 2017. Pa Shape of You yomweyo anaonjezera maina a olemba No Scrubs ya TLC. Munthu wosalakwa amagawa bwanji chuma chake?

Wa ku Leeds: Amagawa chifukwa mlandu ndi wodula kuposa kugawako, achimwene. Masiku ano ndi mmene zikuyendera. Sam Smith anaika Tom Petty ndi Jeff Lynne pa Stay With Me atauzidwa kuti kolasi ikufanana ndi I Won't Back Down, ndipo Petty yemwe ananena kuti inali ngozi chabe, panalibe chidani. Olivia Rodrigo anaonjezera awiri a gulu la Paramore pa Good 4 U mu 2021. Mukaona nyimbo ya mphindi zitatu ili ndi olemba khumi, ena mwa iwo sanalowemo mu situdiyo, analowetsedwa ndi maloya.

Nabanda: Wina wofunika ndi wa Katy Perry. Woimba rap ya uthenga wabwino, Flame, ananena kuti timanotsi 8 tobwerezabwereza mu Dark Horse tinachokera mu Joyful Noise. Mu 2019 jury inapatsa Flame madola pafupifupi 2.8 miliyoni. Chaka chotsatira woweruza anafafaniza chigamulocho, akuti timanotsi totsika motero ndi njerwa zimene aliyense amamangira, palibe angaziike dzina. Khoti la apilo linavomereza mu 2022. Led Zeppelin nawonso anawina mu 2020 pa Stairway to Heaven. Ndiye mantha a achimwene a Kiyibodi achepako, makhoti ayamba kusiyanitsa njerwa ndi nyumba.

Kiyibodi wa Ndirande: Achepa pang'ono. Pajatu uliponso wa reggaeton, a Steely ndi Clevie a ku Jamaica akuti kagundidwe ka dembow kanachokera mu Fish Market yawo ya 1989, ndipo akuloza nyimbo zoposa 1,000, za Bad Bunny ndi Daddy Yankee zomwe. Kagundidwe ka ng'oma kakakhala ndi mwini, ine ndikagulitsa kiyibodi n'kuyamba kabaza.

Koma poti tafika apa, ndinene changa. Chaka chatha ndinapanga biti, ndinatumizira woimba wina pa WhatsApp kuti angomva. Anati siinamusangalatse. Patapita miyezi ndikuimva mu minibasi, yajambulidwanso kwina, koma kalira ka gitala ndi kanga, polowera kolasi ndi pomwepo. Dzina sinditchula. Nditamuimbira anati biti si nyimbo, nyimbo ndi mawu.

DJ Kanyenya: Aaa, ndiye wayamba ndi kuteteza Pharrell chonsecho nawe ndi Marvin Gaye?

Kiyibodi wa Ndirande: Ayi ase. Akanatenga fungo sindikanadandaula. Anatenga chuni cha gitala, notsi ndi notsi.

Nabanda: Pepani achimwene. Zoti biti si nyimbo ndi bodza. Pa nyimbo pamakhala umwini uwiri: wa chopekacho, kutanthauza chuni ndi mawu, ndi wa chojambulidwacho. Akanadula kachidutswa ka fayilo yanu n'kuika mwawo, akanaphwanya ziwiri zonse. Poti anaimbanso okha, nkhani ili pa chopekacho, ndipo chuni cha gitala chimene munapeka ndi chanu. Umwini umayamba pomwe mwachijambula kapena kuchilemba, sudikira kulembetsa. Chovuta chimakhala umboni, ndipo inu muli nawo wabwino kuposa wa Sami Chokri, amene analephera kuonetsa kuti Sheeran anamvapo nyimbo yake. Uthenga wa pa WhatsApp uli ndi tsiku, ukuonetsa kuti munthuyo analandira ndipo anayankha. Musaufufute, musasinthe foni musanausunge pena. Sungani fayilo ya pulojekiti pa kompyuta mmene ilili. Ngati simuli membala wa COSOMA kalembetseni, mukafotokoze nkhaniyi, ndipo muyambe ndi kalata yofatsa yopempha dzina lanu ndi gawo lanu. Kuthamangira pa Facebook kukamutcha wakuba kungakubweretsereni mlandu wina woipitsa mbiri.

Wa ku Leeds: Ndipo kuyambira lero muzilemberana musanatuluke mu situdiyo. Kapepala kamodzi: wapeka chuni ndani, mawu ndani, aliyense maperesenti angati, n'kusaina. Sheeran ananena kuti masiku ano amajambula vidiyo akamapeka nyimbo. Inu foni muli nayo.

Kiyibodi wa Ndirande: Kuno ukatulutsa pepala amati wayamba matama, amapita kwa mnzako wa pa kona amene amapanga biti ya 10 pin osafunsa zambiri.

Wa ku Joni: Solomon Linda nayenso anati bola mashereni 10 a lero.

Madala a Gumbagumba: Usamuwopseze mwana. Linda sankadziwa kuti lamulo liliko, ndipo boma la nthawi imeneyo silinali lake. Uyu wauzidwa zonse pagulu pano kwaulere. Mwana wanga, tenga pepalalo. Amene athawe chifukwa cha pepala ndi yemwe amafuna kukubera.

Admin: Chikumbutso: amene mwatumiza nyimbo zathunthu pagulu pano kuti tifananize, chonde muzitumiza ma link. Tikukamba za kuba nyimbo uku tikugawana nyimbo za eni ake kwaulere.

DJ Kanyenya: Bwana Admin mwandiyang'ana ine kkkk. Fulashi yanga musaikhudze, ana amadyera momwemo.

Mayi a Tadala: Ine langa silinathe, achemwali a Nabanda. Kwaya yathu ikufuna kujambula chimbale. Nyimbo ya mtsikana ija, chuni ndi cha m'buku la nyimbo koma mawu ndi ake. Tiike kapena tisiye?

Nabanda: Fufuzani kaye amene anapeka chunicho, mayi. Kwathu kuno umwini umakhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 atamwalira. Nyimbo zambiri za m'mabuku a tchalitchi zinabwera ndi amishoni, opeka ake anamwalira m'zaka za m'ma 1800, ndiye chuni chotero aliyense atha kuchiimba. Ikani, koma pachikuto mulembe zoona: chuni ndi cha uje, mawu ndi a mtsikanayo, kasanjidwe ka mawu anayi ndi ka kwaya. Koma ngati ili ya m'makorasi atsopanowa, a ku Nigeria kapena ku South Africa amene timangowamasulira, mwini wake ali moyo ndipo ali pa YouTube. Mulembereni.

Mayi a Tadala: Ndi ya m'buku, nambala yake ndikayang'ana Lachitatu ku pulakatisi. Koma za makorasi omasulirawo mwandidetsa nkhawa, chifukwa pa nyimbo zimene tasankha, zitatu ndi zoterozo.